Thanki Yomwa Misozi

Pali Mulungu kumwamba, pali manda a mayi anga, pali mano anga otsalawa, ndikulumbira kuti mawu aliwonse a nkhani ino ndi oona! Ngati ndanamapo ngakhale kamodzi, taputapu, kabasi kathu konyamula anthu, indigunde Lamulungu likubwerali nditavala suti yobwereka, ndipo dalaivala asaime. Ine sukulu ndidalekezera pomwe kabudula wa yunifolomu adandithina, ndiye bodza lalitali chonchi sindingalithe. Limafuna anthu a masatifiketi.

Chivomezi chitagwetsa Pòtoprens, likulu la dziko lathu, Filomiz adakwera phiri la Kanaran pamodzi ndi khwimbi la anthu, pamutu atasenza malata, kudzanja atagwira mwana wake Wisnel. Tonse tinkamutcha Madan Kesnel, ndiko kuti mkazi wa Kesnel, ngakhale Kesnel mwiniwakeyo adali atawoloka malire kukadula nzimbe n'kuiwala njira yobwerera. Phirilo lidali la mbuzi ndi minga. Posakhalitsa lidasanduka mzinda, koma mzinda wopanda mpopi, wopanda wapolisi, wopanda ngakhale mtengo woti munthu n'kubisalapo dzuwa. Aliyense ankangofika, kukhoma zikhomo, n'kunena kuti pano mpanga. Woyandikana naye sunkadziwa kwawo, iyenso sankadziwa kwanu, ndiye kukamveka kulira kuseri kwa lata, munthu ankangokweza wailesi.

Filomiz ankayenda ndi lichero pamutu kugulitsa sopo woduladula, machesi ndi timapaketi ta mchere, koma kaphindu konse kankathera pa madzi. Ku Kanaran mfumu ndi amene ali ndi thanki ya simenti pakhomo. Lole imabwera kudzathiramo, iye n'kumagulitsa ndowandowa. M'dera lawo mfumuyo adali Madan Elifèt, amene ankakhala pampando pansi pa ambulera, dzino lagolide likung'anima, akuonerera amayi anzake akupsa pamzere.

"Komè, mayi mnzanga," adatero tsiku lina kwa Filomiz, "ndowa yakoyi ikudontha ngati thumba lako. Ukafika kwanu ndi fungo la madzi lokha."

Mzere wonse udaseka, chifukwa nthabwala ya mwini madzi imaseketsa ngakhale ili yowola. Filomiz atafika kunyumba adapeza Wisnel ali tsonga pakhomo, atamubweza kusukulu chifukwa zala zinkasuzumira m'nsapato. Nthawi yomweyo ana a Madan Elifèt adadutsa, maliboni ali petupetu m'mutu. Nsanje idamulowa Filomiz mpaka m'mafupa. Adagulitsa kambuzi kake kamodzi komweko, nakwera taputapu kupita kuseri kwa minda ya nzimbe, kwa sing'anga wina dzina lake Papa Oreliyen, amene anthu ankangomutchula monong'ona.

Adamupeza dzuwa lili paliwombo, akusita malaya oyera ndi simbi yamakala. Adalibe nthenga kumutu kapena mikanda m'khosi. Ankaoneka ngati mphunzitsi wopuma pantchito.

"Mwabwerera madzi, Madan Kesnel," adatero asanalandire n'moni womwe.

Kenaka adamufunsa ngati akufuna mankhwala ozizira kapena otentha. Ozizira, adati, amayenda ngati bulu wokalamba, chuma chimakupeza imvi zili mbuu. Otentha amathamanga, koma amadya. Filomiz adayankha kuti za bulu adatopa nazo. Mkuluyo adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo kokulunga m'nsalu yofiira.

"Mukakakwirire pansi pa thanki simenti isanaume. Lole ikathiremo kamodzi kokha. Madzi sadzaphwanso."

"Nanga chizimba chake, Papa?"

Sing'angayo adalavulira pa simbi, malovu n'kulira kuti tsii. "Chokhala m'botolomo madzi wamba sichimwa. Chimamwa amchere. Tsiku ndi tsiku, dzuwa lisanalowe, mwana wodya za mumphika mwanu alire chifukwa cha dzanja lanu."

Filomiz adatsala pang'ono kuseka. Njira yonse ankaopa kuti amuuza za mutu wa munthu kapena magazi a m'bale. Misozi ya mwana? Ku Kanaran ana ankalira ulere kuyambira m'mawa. Chikoti cha chikopa cha ng'ombe chinkapachikidwa pamsika pambali pa zipande, ndipo wogula sankafunsidwa kuti n'cha yani.

"Koma osati wanga," adatero.

"Ine sindisankha. Chinthucho sichifunsa amene adabereka. Chimangofunsa amene wadya."

"Nanga ndikadzafuna kuleka?"

Mkuluyo adatembenuza malaya, nayamba kusita kolala. "Funso limenelo mudzalifunse pobwera kachiwiri. Onse amabweranso."

Thanki yoyamba idali kathanki chabe, ka njerwa zotola m'mabwinja a chivomezi, kabotolo kaja kali pansi pake. Simenti itauma, Filomiz adavala diresi yake ya kutchalitchi n'kukwera kumapiri a Savanèt kumene adabadwira. Kumeneko kudali Anilya, komè wake weniweni, poti Filomiz ndiye adaimirira pa ubatizo Jezila, mwana wamkazi wa Anilyayo. Kwathu kuno ukakhala kumudzi, mayi wa ubatizo umasankha wa m'tauni, kuti tsiku lina mvula ikakana, mwanayo adzapeze khomo logogodapo. Chaka chimenecho mvula idakanadi. Anilya adali ndi pakamwa pambiri podyetsa, ndiye atamva kuti Jezila akaphunzira sukulu, akavala nsapato, azikangothandiza tintchito tapakhomo, adagwetsa misozi yachimwemwe. Adapereka mwana, naperekanso nkhuku ndi mkoko wa nthochi pamwamba pake. Kukana Marenn, mayi wa ubatizoyo, kapena kumufunsa mafunso ambiri, ndi mwano. Palibe mayi wakumudzi amene angachite zimenezo.

Jezila adali kamwana kowonda, kamaso akuluakulu, kamene mano akutsogolo adali asanamere onse. Tsiku loyamba sipadafunike n'chikoti chomwe. Filomiz adangomukalipira kuti wathira mchere wambiri mu nyemba, n'kumutsina khutu, ndipo kamwanako kadalira kuitana mayi ake. M'mawa mwake thanki idali tho, yodzaza mpaka m'milomo.

Abale anga, madzi amenewo! Ankazizira ngati achokera m'firiji. Wochapira madzi a Madan Kesnel, malaya akuda ankayera okha, ndipo nkhalamba ina itasamba kamodzi idakafunsira mkazi. Mzere udasamuka kwa Madan Elifèt, dzino lake lagolide lija n'kuthera kwa wogula zitsulo. Filomiz adamanga thanki yaikulu mozungulira yaing'ono ija, adamanga nyumba yosanja, adaika geti yachitsulo ndi jenereta. Wisnel adalowa sukulu ya ansembe atavala nsapato zoyaka magetsi kuchidendene. Mnyamatayo sadalaweko ngakhale mbama. Akagwa n'kusupuka bondo, mayi ake ankamuthamangira ndi switi, kumutseka pakamwa asanayambe n'komwe. "Usalire, bwana wanga," ankatero. "M'nyumba muno iwe sulira." Ankaopa kuti chinthu chija chingalawe misozi yake n'kuikonda.

Jezila ankagona pa katoni pansi pa tebulo. Sukulu ankaiona m'mawa poperekeza Wisnel atamunyamulira chikwama.

Vuto la misozi n'lakuti imazolowera. Kukalipa kutasiya kugwira ntchito, padabwera mbama. Mbama zitazoloweka, padabwera chikoti. Chikoti chitazoloweka, Jezila ankagwada pa zitsekerero za mabotolo padzuwa, manja ali m'mwamba. Filomiz sankadana naye mwanayo, ndipo chimenecho ndicho chinkamuwawa kwambiri. Ankadzuka m'mawa ali kale ndi ntchito yosaka cholakwa. Mbale ikakhala yoyera ankasaka pa poto, poto akakhala woyera ankasaka pa kayendedwe. Dzuwa likayamba kupendeka maso ake ankakhala pa mthunzi wa geti umene unkatalika pabwalo.

Anthu apamzere ankamva zonse, ndowa zili m'manja. Wina ankati mwana wakumudzi ukapanda kumuwongola amakukwera pamutu. Wina ankati ifenso tidakula choncho, kodi tidafa? Amayi ambiri ankachoka m'mawa kupita kumafakitale kapena kumsika n'kubwerako atatheratu, ndipo nawo adali ndi kakatoni kawo kogonapo mwana wa eni pansi pa tebulo. Komanso ungatsutse bwanji munthu amene ali ndi kiyi wa madzi ako?

Tsiku lina Jezila adangoleka. Chikoti chidatsika, iye ali chilili, maso ali gwa pakhoma ngati a nsomba ya pamsika. Filomiz adamenya mpaka mkono kuwawa, koma osatuluka ngakhale kadontho. Mantha atamugwira adathamangira kukhitchini, nasenda anyezi n'kumufinyira mwanayo kumaso. Misozi idatuluka ndithu, koma chinthu chija sichipusitsika. M'mawa mwake madzi onse a m'thanki adali anyezi yekhayekha. Dera lonse lidanunkha ngati poto wa pa ukwati, ndipo wansembe pobatiza adaliza khanda, makolo ndi kwaya yomwe. Mkuja wake madzi adatsika mpaka m'mawondo, atabiriwira, ndipo pansi pa thanki pankamveka kanthu kakumeza mate.

Filomiz adapezanso Papa Oreliyen akusita, ngati kuti sadasunthe chichokere iye. Adagwada n'kumupempha kuti atenge botolo lake, atenge nyumba, geti ndi jenereta, iye abwerere ku lichero lake la sopo.

"Munthu akameza mbedza sabweza nyambo yokha," adatero sing'angayo. "Chinthucho mwachikuza ndinu. Mukachimana tsiku limodzi chimadandaula. Mukachimananso, chimadzitungira chokha."

"Chitunga kuti, Papa?"

"M'nyumba mwanu muli madzi ambiri, Madan Kesnel. Ena amavala nsapato zoyaka magetsi."

Kuyambira pamenepo Filomiz sankamenyeranso chuma. Ankamenyera Wisnel. Adakweranso kumapiri atanyamula sopo, mafuta ophikira ndi malonjezo a sukulu, n'kutsika ndi mwana wina. Ameneyo atauma maso adakatenga wina. Adasanduka Marenn wa mudzi wonse. Ankaimirira makanda pa ubatizo ngati munthu wodzala mbewu yodzakolola mtsogolo. Ana ouma maso aja sankawabweza kwawo, chifukwa akadakaulula. Ankathawa okha. M'mawa wina unkangopeza katoni ili yokha pansi pa tebulo. Jezila ndiye adayamba. Ena ankapezeka kumsika akupempha, ena pamphambano pomwe pankakhala anyamata opanda kwawo, amene mkulu wawo adali ndi mfuti ndipo ankadyetsa aliyense womutcha bambo.

Wisnel adakulira m'zimenezo monga mwana wa wopha nyama amakulira m'magazi. Ali wamng'ono ankathamanga kukatenga chikoti mayi ake asanamutume. Atasinkhuka ankagwira anawo mikono kuti asazembe. Atayamba kumera ndevu ankawasekanso, kuwayeserera kaliridwe kawo, ndipo kusukulu adamuchotsa atathyola dzanja la kamnyamata kamene kadamuponda nsapato. Filomiz ankaona zonsezo koma ankadzitonthoza kuti bola ali moyo.

Mbiri imakwera phiri pang'onopang'ono, koma imafika. Ulendo wotsiriza, Filomiz adapeza zitseko za ku Savanèt zili zotseka masana. Ana amene kale ankamuthamangira, makolo adawalowetsa m'nyumba ngati anapiye kukadutsa mphamba. Panjira padaima Anilya yekha, khasu lili paphewa, atakalamba kuposa zaka zake. Filomiz adayamba kutulutsa sopo m'chikwama, akunena kuti Jezila ali bwino, akungotanganidwa ndi mayeso.

"Komè," adatero Anilya motsitsa mawu, "pa ubatizo udagwira kandulo pamutu pa mwana wanga. Ndiuze chimodzi chokha. Sukulu yake dzina lake n'chiyani?"

 Filomiz adatsika phirilo chimanjamanja, ndipo atafika kunyumba adapeza mwana womaliza wathawa dzulo lake, misozi ya tsikulo isanaperekedwe. Thanki idali itayamba kale kubiriwira.

Filomiz adagona tulo ta nkhuku. Kutacha adaphika mpunga wa nyemba m'poto wamkulu wa pamaliro, nathiramo mafuta osaumira, pamwamba n'kuikapo nyama ya nkhumba yokazinga. Adautulutsa pageti n'kuyamba kuitana ana a mumsewu kuti adzadye ulere. Fungo lidafika mpaka pamphambano. Ana adabwera, ambiri ndithu, ena mimba zili pamsana, koma adaima kutsidya kwa msewu ngati pali ngalande yamoto. Palibe adawoloka. Pakati pawo padali mtsikana wamtali, wa chipsera pachipumi, atatsamira njinga yamoto ya mmodzi wa anyamata a mfuti aja.

"Mwaphika, Marenn?" adatero mtsikanayo, yemwe adali Jezila. "Mchere mwathira wokwanira? Paja inu pa mchere simuseka."

Anawo adaseka. Filomiz adawapempha, adawalonjeza nsapato, adagwada m'fumbi ndi chipande m'manja. Kamwana kena kakang'ono kadaponya phazi kutsogolo, koma Jezila adakagwira kolala n'kukabweza. Mthunzi wa geti udali utayamba kutalika.

Amene adadya mpungawo ndi Wisnel. Adafika kuchokera kokayenda, nadzipakulira mbale yodzaza, n'kukhala pamwamba pa thanki akudya. Filomiz adamuyang'ana nthawi yaitali. Adaganiza kuti kumenya kamodzi kokha si imfa, alira pang'ono, mawa adzapeza njira ina. Adatenga chikoti, namukwapula pamsana.

Mnyamatayo adatembenuka modabwa, kenaka adaseka. Mayi ake adamukwapulanso, ndi mphamvu zonse zimene adaphunzira pa ana a eni. Wisnel adagwira chikoticho m'malere n'kuwalanda ngati akulanda khanda supuni.

"Mwapenga, Mama? Ine si wa pansi pa tebulo."

Pamenepo Filomiz adaulula zonse, za botolo, za madzi amchere, za amene chinthucho chidzatunge dzuwa likalowa. Wisnel poyamba ankati ndi nthano za amayi a kumsika. Koma pansi pa thanki imene adakhalirayo padamveka kanthu kaja kakumeza mate, ndipo adakumva m'matako momwe. Adadumpha. Nkhope yake idasanduka ya mwana.

"Lira, mwana wanga," adatero Filomiz. "Kadontho kamodzi kokha. Msana ukuwawa, si choncho? Lirira umenewo."

Ndipo adayesa, anthuni. Adakwinya nkhope monga ankachitira poyeserera ana aja. Adatulutsa mawu ake enieni a kulirako, chifukwa adawamva moyo wake wonse, koma maso adali gwa. Mayi ake adamuuza kuti bambo ake adafera m'munda wa nzimbe, iye osamva kanthu, poti sankawadziwa. Adamuuza kuti aganize za maliro a mayi ake. Adamumenya mbama, adamutsina, adamuluma dzanja. Dzuwa lidafiira, lidakhudza madenga a kumunsi.

"Mama," adatero Wisnel, mawu ali pansipansi, "kodi zimayambira pati?"

Filomiz adatsegula pakamwa kuti amuuze, koma adapeza kuti kulira sikuphunzitsidwa madzulo amodzi. Adali atamutseka pakamwa ndi switi kuyambira ali kamwana. Dzuwa lidalowa.

M'mawa Wisnel adadzuka ndi ludzu. Adamwa kapu, adamwa jagi, adamwa ndowa, koma zonse zinkangodutsa. Pofika masana maso adali atalowa m'kati, khungu ukalitsina linkangoima osabwerera. Adamunyamula pa chitseko kupita naye kuchipatala cha matenti kumunsi kwa phiri. Anamwino adati ndi kolera, nam'baya madiripi m'mikono yonse iwiri, koma amene adaona amati madzi a m'diripi ankatha ngati pali wina akuyamwa ndi kapaipi. Adamwalira tsiku lomwelo, wopepuka ngati nsomba youma. Pobwera kumanda adapeza thanki yadzaza mpaka kusefukira, madzi oyera mbee. Palibe adatungako. Ngakhale mbuzi zinkalambalala.

Nyumba yosanja ija anyamata a pamphambano adailanda mwezi usanathe, ndipo mwini wake sadatsutse, chifukwa mutu udali utasokonekera kale. Mpaka lero Madan Kesnel amayendayenda m'misewu ya Kanaran atanyamula switi m'chitenje chong'ambika. Akaona mwana akulira amaima, n'kumuyang'ana mwaulemu ngati akuona bishopu. Akaona mwana wouma maso amamutsatira mpaka kwawo akumupempha kuti ayese, ndipo agalu a m'dera lonse amam'perekeza.

Ndiye inu amene mwakhamukira mumzinda uno kudzasaka chuma, mverani. Chuma chothamangira chimabwera ndi pakamwa pake, ndipo sichikhuta. Umayamba kuchidyetsa za eni, n'kumati zako wazitchingira ndi geti, koma dzanja lozolowera kumenya mwana wa mnzako limaumitsa wako yemwe ali pambali akuonerera. Dyera lidamupatsa Filomiz madzi osaphwa, n'kumulanda kadontho kamodzi kamene kakadapulumutsa mwana wake. Bola ndowa yodontha koma ana ako onse, obereka ndi olera, akudziwa kulira ndi kuseka.

Zonsezi n'zoona monga ndalumbirira. Chabwino, kupatula za Papa Oreliyen. Pakhomo pake sindidapondepo, ndiye simbi, botolo ndi mawu ake onse aja ndasula ndekha. Mwinanso mayiyu sadapiteko n'komwe, poti nyumba zambiri zimakwanitsa zomwezo popanda sing'anga.